Achimwene Sanali Dalaivala

Lolemba
Arobaini ya achimwene Yusufu, sadaka ya masiku makumi anayi chimwalirireni, ndi Lamulungu likubwerali. Isanafike, amayi ayenera kumva zoona: mwana wawo kunja ku Kepi sanali dalaivala. Anali daiva, wolowa pansi pa nyanja kuperekeza alendo okaona zam'madzi. Wolakwa ndine. Netiweki ya kuno ku Rivirivi inameza mawu, ine ndinamva "dalaivala", ndinalengeza mudzi wonse. Achimwene anangoseka n'kuzisiya. Zaka zisanu!
Umboni ndili nawo: kavidiyo kamene wanditumizira mnzawo wa achimwene.

Lachiwiri
Ndikuonera ndekha kuseri kwa nkhokwe. Muli:
madzi obiriwira,
chinyama cha mutu ngati thumba, miyendo eyiti,
dzanja limodzi la achimwene, chinyamacho chikulikulunga pang'onopang'ono.
Nkhope mulibe. Ndalira mpaka batire kutha.

Lachitatu
Ndayambira kwa amalume a ku Nayuchi, kuti akandithandize pakamwa. Kungoona: "Polivo uyu! Ku Nakala timadyera chinangwa!" Ola lathunthu akufotokoza kaphikidwe kake. Za Yusufu sitinafikeko.

Lachinayi
Azakhali asuzumira paphewa panga. "Astaghafirullah! Zamajini izi, fufuta!" Ndathawa nayo foni. Pofika madzulo, pamjigo ponse amva kuti ndikuweta chinthu.

Lachisanu
Lero ndiye lero. Ndawapeza amayi pakhonde akulozera chala minibasi ya ku Balaka: "Zimenezi ndi zimene zinandidyera mwana." Paja uthenga wa maliro unangoti ngozi ya kuntchito. M'malo moulula, ndafunsa ngati mchere ukwane pa sadaka.

Loweruka
Iyayi, ndalephera. Akhale dalaivala basi. Tikupeta mpunga wa sadaka.

Lamulungu
Mapemphero a dua atha, anthu abalalika. Foni ndinaisiya pamphasa, azakhali aitola n'kukaonetsa amayi kuti andidzudzule za majini anga.
Amayi aonera katatu. Chinyamacho sakuchiyang'ana n'komwe. Chala chawo chili pa chipsera cha chikwakwa chimene chili padzanja lija.
"Uyu ndi Yusufu."
Ndaulula zonse, kuyambira pa netiweki. Sanandikalipire, ndipo zimenezi ndi zimene zandipweteka koposa.
"Madziwo ngozizira?"
"Kwambiri, amayi."
"Ndiye ine zaka zonsezi ndimampempherera za pamsewu."
Foni aifunditsa m'chitenje, aigwirira pachifuwa. Sindinaipemphe.