Tsiku Limene Ndinakhalira Chaka Changa Chobadwa

Mpaka lero ndikamva munthu akuti "tiyeni tikaone kumene tinakulira," thupi limayamba kundiyabwa. Musaseke, ndikunena kuyabwa kwenikweni, koyambira m'akakolo kukwera m'mwamba. Nkhaniyi ndinalumbira kuti ndidzafa nayo, koma poti mlongo wanga anaifalitsa kale mpaka ku Joni, bola ndiifotokoze ndekha asanaithire mchere wina.

Ndiyambe ndi kuulula tchimo. Ine mayeso a Sitandade 8 ndinalemba kanayi. (Inde, kanayi. Lero ndine mphunzitsi, ndipo ana olephera ndimawamvetsa kuposa wina aliyense.) Masiku amenewo ukamabwereza, akuluakulu ankakunong'oneza kuti uchotseko chaka chimodzi pa fomu, poti ankati mwana wooneka wamkulu samusankhira ku sekondale. Ndinabwereza katatu, ndinachotsa zitatu. Zaka zimenezo sizinabwererenso. Satifiketi, kalata ya ntchito, chiphaso, zonse zimaimba nyimbo imodzi. Choncho pamene kunyumba kwathu kuno ku Kasungu kunkakonzedwa phwando la zaka 50, mwini phwandone ndinali ndi 53.

Amuna anga, bambo a Chisomo, omwe ndi alangizi a zaulimi, sankadziwa kanthu. Tili pachibwenzi anandifunsa zaka zanga, ine ndinatchula za papepala, iwo n'kumwetulira kuti akundiposa ndi chimodzi. Malemu apongozi anga ankanena poyera kuti mkazi akaposa mwamuna zaka amamusandutsa mwana wake m'nyumba, ndiye ndinangotseka pakamwa. Ndinati ndidzaulula tikakwatirana. Titakwatirana ndinati ndidzaulula mwana woyamba akabadwa. Pano mwanayo ali ndi wake mwana. Kunenedwa kuti ndine nkhalamba sindinkaopa ayi. Ndinkaopa kuti munthu amene ndakhala naye zaka 26 adzandiyang'ana n'kuyamba kudzifunsa kuti china chimene ndinamunamiza n'chiyani.

Za phwandozo anaziyambitsa ndi bambo a Chisomo omwewo. Anati fifite si masewera, ndipo anaimbira foni abale anga onse awiri kuti abwere. Ine m'malo mochita mantha ndinavina, chifukwa atatufe tinali tisanakhale pamodzi chichitikire maliro a amayi athu. Achemwali anga aakulu amakhala ku Zomba. Mlongo wanga Yotamu, wondiponda pamutu, amayendetsa mathiraki ku Joni. Vuto linali pa Yotamuyo, chifukwa iye ali ndi zaka 51, ndipo wamng'ono sangapose mkulu wake ngakhale masamu atavuta bwanji. Ndinamuimbira mobisa n'kumuuza kuti kuyambira Lachisanu mpaka Lolemba akhala ndi 48. Anaseka mpaka mayunitsi anga anatha. Nditaimbanso anavomera, koma anati ndimupezere matondo odzaza mbale ndi botolo la uchi, zake yekha. Achemwali anati bodza langa alibe nalo gawo, koma salankhula pokhapokha atafunsidwa.

Lachisanu anafika, ndipo chimwemwe chake anamva ndi aneba omwe. Tinakumbatirana, tinalira, tinasekana zimimba ndi imvi. Yotamu atangoona matondo anagwada pansi ngati waona malemu abambo athu, akuti zaka zonsezi wakhala akuwalota ali pa chiwongolero. Achemwali anagwira chinaka, n'kumadya pang'onopang'ono maso ali chitsinzinire. Tili mkati mwa kudya, Yotamu anamenya alamu ake paphewa n'kuyamba kunena kuti iwo awiri ndi a chaka chimodzi. Ndinamuponda chala pansi pa tebulo mpaka anatsamwa, ndipo anamaliza ndi kunena kuti amatanthauza chaka cha ubatizo.

Loweruka ndiye linali tsiku lenileni. Bambo a Chisomo anabwereka kapikapu ka mnzawo kuti tikaone njovu ku paki. Tonse tinavala matisheti oyera, pachifuwa atalembapo 50 wamkulu woti munthu angamuwerenge ali kutsidya kwa dambo. Kumbuyo kwa galimoto ndinapakira nkhuku yachikuda, bowa wotendera, dowe wowotcha, futali, chinaka chotsala, chigubu cha thobwa ndi keke yolembedwanso 50 pamwamba. Mvula inali itagwa m'bandakucha, fodya m'minda ali biriwiri mpaka kumene maso alekezera, amayi akusoka masamba m'zigafa, njinga zikutipatukira m'tchire. Tinkaimba nyimbo za Sande sukulu, ine ndikutsogolera. Ndinali wokondwa ngati mwana.

Titalowera cha ku Chulu, achemwali anaona mzere wa mabulugama ndipo anagwira pamtima. Anati imeneyo ndi esiteti ija tinakulira, kumene abambo athu ankamanga mabalani oumitsira fodya, ndipo anapempha alamu awo kuti apatuke pang'ono. Mukudziwa amene anawomba m'manja koyamba? Ine. Mukudziwa amene ankalozera njira, mutu uli kunja kwa windo? Ine ndemwe.

Esitetiyo inatha kalekale. Mabalani ena anagwa, ena anasanduka makola a mbuzi. Komabe tinkathamangathamanga kuonetsa bambo a Chisomo pamene panali nyumba yathu, pamene panali mjigo, ndi mtengo wa mango umene Yotamu anagwamo n'kuthyoka mkono. Kenaka ndinamva kamluzu. Yotamu anali ataima pakhomo pa balani lomalizira, akundikodola ndi nsidze, nkhope ikuwala ngati watola chikwama.

Pakhomo pamenepo panali silabu ya simenti. Balani limenelo abambo analimaliza sabata imene ine ndinabadwa, ndipo chifukwa cha chimwemwe anatenga msomali n'kulemba pa simenti yaiwisi dzina langa lonse, tsiku, mwezi ndi chaka. Ndinali nditaiwaliratu. Makoma anang'aluka, malata anabedwa, koma zolemba za abambo zinali bwinobwino ngati zalembedwa dzulo. (Anthu ankawayamikira kuti simenti yawo sankaibera mchenga. Tsiku limenelo ndinalakalaka akanakhala bilidala wachinyengo.)

Bambo a Chisomo anali akubwera, atatsala mapazi khumi. Ndinachita chimene mayi aliyense wathupi ngati langa akanachita. Ndinakhala pansi, khwatha, pamwamba penipeni pa chakacho, n'kutambasula chitenje mbali zonse.

"Tidyera pompano," ndinatero.

Teni koloko inali isanakwane. Amuna anga anadabwa, n'kunena kuti chakudyacho chinali choti tikadyere ku paki, ndiponso kuti tikachedwa tikapeza njovu zalowa m'tchire. Ndinawayankha kuti tsikuli ndi langa, ndipo ndikufuna kudyera pamene panagwera thukuta la abambo anga. Mawu amenewo anawakhudza moti anavula chipewa. Anayala mkeka pamthunzi n'kundiitana, ine ndinakana, ndinati simenti yozizira imandithandiza msana. Achemwali anandiyang'ana kamodzi kokha, n'kuyamba kugawa chakudya.

Nkhuku inali yokoma, ndisaname. Ndinali nditagwira ntchafu pamene china chake chinanditsina pakakolo. Nditayang'ana pansi ndinaona mzere wakuda ukutuluka mumng'alu wa silabu ija. Linthumbu. Mvula ya m'mawa ija inali italitulutsa, ndipo ine ndinali nditalitsekera njira. Lina linali litayamba kale kulowa pansi pa chitenje. Yotamu analiona nthawi yomweyo, ndipo anandifunsa mwaulemu wonse ngati ndakhala bwinobwino pamenepo. Ndinamuuza kuti chibadwire sindinakhalepo pabwino chonchi.

Nzeru inandibwerera. Bambo a Chisomo ndi mkulu wa mpingo, ndipo akayamba pemphero tiyi amazizira. Ndinawapempha kuti atipempherere tisanadule keke. Ndinawerengera kuti onse akatsinzina ndinyamuka mwakachetechete, ndiika poto wamkulu wa futali pa chakacho, ndisasa linthumbu, ndipo pofika pa ameni ndikhala ndili pamkeka ngati mngelo.

Anayamba. Anathokoza chifukwa cha mvula, chifukwa cha fodya, chifukwa cha ulendo wabwino wa alendo. Ndinatambasula dzanja kuti ndikoke poto, koma poto panalibe. Yotamu anali atamufungatira pamiyendo pake, diso limodzi lili chitsegulire, mapewa akugwedezeka. Ndinamuopseza ndi chibakera, iye n'kutsinzina mwachikhristu. Ndiye ndinadzuka pang'ono kuti ndimulande.

Anthu amati linthumbu limadikira kuti onse akwere kaye, kenaka wamkulu wawo amapereka chizindikiro. Kale ndinkati ndi nthabwala chabe. Kusuntha kwangako kunali chizindikirocho. Zinandiluma nthawi imodzi, m'miyendo, m'chiuno, pamsana, mpaka malo amene mphunzitsi sangawatchule m'nkhani yoti ana ake angawerenge. Pemphero linali litangofika pa odwala a m'zipatala.

"Ameni! Ameni, mayo ine ndafa!"

Ndinataya chitenje uko, nsapato uko, n'kuthamangira kuseri kwa balani ndikuvula tisheti ya fifite ija. Achemwali anandithamangira. Linthumbu likaluma silisiya, umalikoka thupi mutu n'kutsalira pakhungu, ndiye achemwali ankalizula limodzilimodzi uku akundikumbutsa kuti anandichenjeza. Mbuzi ziwiri zinkationerera zikubzikula.

Kenaka ndinazindikira kuti kutsogolo kwa balani kuli zii. Ndinamva amuna anga akukutumula chitenje changa. Kukutumulako kunasiya. Ndinawamva akuwerenga dzina langa, tsiku, mwezi, chaka, pang'onopang'ono ngati mmene amawerengera malangizo a pathumba la feteleza. Atamaliza anafunsa kuti, "Alamu, kodi inuyo muli ndi zaka zingati?"

"Mpaka Lolemba ndili ndi 48," anayankha Yotamu.

Apa kuseka kunatha kwa ine. Ndinakhala pa njerwa yakugwa n'kulira, osati chifukwa cha linthumbu. Ndinaona kuti ndawachititsa manyazi pamaso pa alamu awo, bambo amene anabwereka galimoto, anasindikiza matisheti, anaitana abale anga kuchokera kutali kuti akondwerere bodza. Nditavala n'kutuluka sindinawapeze. Anali atapita kumunda wa fodya wa eni ake, ataima pakati pa mizere, akutembenuza tsamba ngati akufufuza nsabwe. Achemwali anandikankha pamsana kuti ndipite.

Ndinayamba kufotokoza za Sitandade 8, koma anandidula osandiyang'ana.

"Zitatu?"

"Zitatu."

Anawerenga zala za dzanja limodzi mpaka zonse zinatha. Mapewa awo anayamba kugwedezeka. Ndinati basi, bambo wa anthu ndamuliza, ndipo ndinagwada m'matope momwemo. Atatembenuka ndinaona kuti misozi ilipodi, koma inali ya phwete.

"Dzukani, mayi a Chisomo," anatero. "Zanu munachotsa. Ine ndinawonjezera."

Anandiuza kuti bambo awo atamwalira iwo anali ndi zaka 15, ndipo pa esiteti ina ankafuna kalaliki koma sankalemba munthu wosakwana 18. Amalume awo anawawonjezera zitatu pakalata, ndipo kalatayo inawatsata mpaka kusukulu ya zaulimi ndi m'boma. Zaka zonsezi ankaopa kuti ndikadzadziwa kuti ndikuwaposa ndi ziwiri ndidzawaona ngati kamwana. Moti 48 imene ndinabwereketsa Yotamu inali ndi mwini wake m'nyumba mwanga momwemo.

Poyamba mtima unagwa pansi, ndinamva kupepuka ngati ndatula mtolo wa nkhuni. Kenaka nanenso ndinawerenga zala. Zisanu! Munthu amene wakhala akundidula mawu pa nkhani zam'banja kuti wamkulu ndi iye, pamene ankabadwa ine n'kuti ndikutumidwa kale kokapala moto. Ndinamugenda ndi chibuma, iye n'kuthawa akudumpha mizere ya fodya wa eni ake, ndipo Yotamu ndi achemwali atationa anaganiza kuti ukwati watha.

Ku paki tinapitabe. Tinafika dzuwa lili paliwombo, ndipo tinaonako makutu a mvuu m'damu ndi ndowe za njovu zikadali zofunda. Kukhala pansi sindikanatha, choncho ulendo wonse ndinaima kumbuyo kwa kapikapu nditagwira chitsulo, ana m'njira akundibayibitsa ngati ndikufuna ukhansala. Keke tinadyera komweko, ndipo achemwali ndi amene anafufuta ziro ndi supuni, akuti sangadye bodza. Tinaseka tsiku limenelo kuposa mmene tinasekera chichokereni pa esiteti ija.

Phunziro lilipo, koma si limene mukuganiza. Boma limapumitsa munthu pantchito akafika 60 ya papepala, osati ya pa silabu. Ndiye kuti bambo a Chisomo adzapuma chaka chimodzi ine ndisanapume, ali ndi mphamvu zawo zonse, n'kumakhala pakhonde akukazinga mtedza. Ine, mkulu wawo ndi zaka zisanu, ndidzakhala ndikudzukabe m'mamawa ndi mawondo olira, choko m'manja, kukaphunzitsa ana a Sitandade 8 kuti kunama n'koipa.