Simenti ya m'khola la mbuzi

Anzanga, mantha a kukwera kwa mitengo anandichititsa manyazi oti mpaka lero ndikamadutsa pa Nsipe ndimayenda choweramira.

Tsikulo ndinangopita kukametetsa basi. Pa wailesi ya wometayo aphungu ankakangana za bajeti, kenaka kunabwera katswiri wina wa zachuma. Koma abale, kunjaku kuli anthu odziwa kuyankhula! Anati boma likuwononga ndalama zambiri kuposa zomwe likutolera pamisonkho, zoperewerazo likubwereka, ndiye kwacha igwa, ndipo wosunga ndalama m'nyumba adzalira. Ine kukamwa yasa, mutu wometedwa mbali imodzi, ndikumva ngati munthuyo akundiona ineyo.

Nanga si m'nyumba mwathu munalidi ndalama? Akazi anga, aNambewe, anali atagulitsa kachewere yense n'kusunga zogulira feteleza. Ndinazitenga osawauza n'kukagula matumba a simenti, poti katswiri uja anati chuma chizisungidwa m'katundu. Kobisa kwake? M'khola lakale la mbuzi, lofolera ndi udzu, padothi penipeni. Mukuganiza kuti ndinayalapo ngakhale pepala? Nthawi ndinalibe, ndinali wotanganidwa kuphunzitsa anzanga pabawo za ngongole za boma, mpaka anayamba kunditcha a Nduna.

Mvula inayamba, nkhungu ya kumapiri kuno n'kumalowa paliponse, ine osatekeseka. Ndiye kwacha inagwadi! Simenti inakwera ndendende mmene katswiri uja ananenera. Ndinati munthu uja ndi mneneri ndithu. ANambewe atapeza kuti ndalama palibe, ndinawauza monyada kuti, "Dikirani muone, mayi. Feteleza tigula wambiri, chenji n'kutsala."

Ndinaitana mmisiri womanga nyumba kuti adzagule, anzanga a pabawo nawonso anabwera kudzaona nzeru za a Nduna. Mmisiri anagwira thumba loyamba, osasunthika. Analimenya ndi hamala: ngwee! Moto kuthetheka. Lachiwiri chimodzimodzi. Matumba onse anali atasanduka miyala, yosalala bwino ngati mapilo. Chibadwire sindinaonepo chinthu cholimba chonchija, ndinaima n'kumasirira ngati si zanga.

"Bambo, apa mwamanga kale," anatero mmisiri akukwera njinga yake.

Anzanga anachoka mmodzimmodzi osatsanzika, kuseka kukumveka kuseri kwa nkhokwe. Pamenepo feteleza nayenso anali atakwera, chimanga kumunda chayamba chikasu, m'thumba mulibe kanthu. Ndinkayembekezera mkuntho, koma aNambewe sanakalipe ayi. Anayang'ana miyalayo kwa nthawi yaitali, kenaka anandigwadira mwaulemu wonse.

"Bambo a Tadala, senzani limodzi mukathire kumunda. Chimanga chikudikira."

Ndinalumbira pomwepo. Kaya boma libwereke, kaya kwacha igwe chagada, chuma cha dziko ndasiyira eni ake. Ngakhale komwe aNambewe akubisa ndalama masiku ano sindifunsako, ndipo iwo sanena.