Nkhope ya Zainabu Kumbuyo Kwanga

Nkhani iyi ndinalumbira kuti ndidzafa nayo. Koma poti ku Lungwena ngakhale mbuzi zikuidziwa, bola muimve kwa mwini wakene, osati kwa amayi a pamjigo omwe amaithira mchere wambiri.

Zainabu mukumudziwa, uja woimba nyimbo za kantri, wovala chipewa cha makauboyi pamwamba pa mpango. Kwathu amamutchula Abiti Kantri. Ine ndinamudziwa asanatchuke. Kusekondale ndinkamukweza pa njinga ya bambo anga tsiku ndi tsiku, iye ali pakaliyala akuimba, ine ndikupalasa mumchenga thukuta lili kamukamu. Titalemba mayeso a Fomu 4, iye anapita ku Blantyre ndi gitala, ine ndinatsala ndikuyanika usipa pathandala.

Atatchuka sanaiwale kwawo, ndipo zimenezo ndi zomwe zinkandiwawa. Akanakhala wodzikonda ndikanapeza pomunenera. Koma anakumbitsa mjigo, anagulira timu ya netiboli yunifolomu, mpaka anapeka nyimbo yotchula Lungwena yomwe akabaza onse anaiika m'mafoni. Amayi anga akamwa madzi ankapuma mozama, n'kunena kuti ana a anzawo amaganiza, kenako n'kundiyang'ana. Ine madzi a pamjigowo ndinkamwa ndithu, koma ndinkauza aliyense kuti akumveka dzimbiri.

Chaka chatha anamangitsa chidikiro, nyumba yogonamo amayi oyembekezera pafupi ndi chipatala. Kuti tsiku lotsegulira likome, anatumiza zitenje zosindikizidwa nkhope yake, ikumwetulira pansi pa chipewa chija. Abiti Juma, wapampando wa komiti, ankagawa pansi pa mtengo wa mango. Ine ndinaima kumapeto kwa mzere, monga mwa khalidwe langa. Nditafika, anabweza dzanja.

"Iwe ayi, Esinati. Mwini wake anaimba foni, anati usapatsidwe."

Ndinafunsa chifukwa. Anati iwo sanauzidwe. Ndinati zikomo, chifukwa ine ndikachita manyazi ndimathokoza.

M'njira monse mtima unali thithithi. Kundiiwala ndikanamvetsa. Koma kukumbukira dzina langa, kugula mayunitsi, kuimba foni kuti ndimanidwe nsalu? Ine amene ndinamupalasa mpaka akatumba kuuma ngati a msodzi?

Azakhali anga anaona kuti ndabwera chimanjamanja. Anangoika chitenje chawo cha nkhope ya Zainabu pamphasa panga n'kunena kuti iwo ali nazo zambiri. Anapereka ndi mtima wabwino, ine ndinalandira ndi maganizo a satana.

M'mawa mwake ndinapita kwa Che Saidi, telala wa pakhonde la golosale. Akasoka zitenje za nkhope, iwo amaika nkhopeyo pachifuwa, ulemu wake ndi umenewo. Ine ndinati ndikufuna siketi yothina, ndipo nkhope ikhale kumbuyo, pokhalira penipeni.

Anasiya kupalasa makina. "Pokhalira, mwanangu?"

"Eya. Ndi sitayilo ya ku Lilongwe."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, koma anasoka. Tsiku lokatenga anandipatsanso kansalu kotsala, akuti mwina ndidzafuna kumanga m'chiuno kukachita mphepo. Mwezi wa Okutobala, mphepo! Ndinakasiya pa makina pomwepo.

Pulani yanga inali yabwino. Ndifike m'mawa anthu asanadzaze, ndikhale pabenchi lakumbuyo, ndimukhalire Abiti Kantri mpaka mwambo kutha, popanda wodziwa. Ndipo poyamba zinayenda. Zainabu anafika, amayi analulutira, anadula riboni, anatenga gitala. Iye akuimba, ine ndinkadzigwedeza pabenchi motsatira nyimbo. Mayi wina woyembekezera amene anakhala pambali panga anandigawira mtedza, akuti zikuoneka kuti ndimamukonda kwambiri woimbayu.

Nyimbo itatha, Zainabu anayamba kufotokoza za kale. Anati pali munthu amene akanapanda iye, sukulu akanaisiyira panjira, chifukwa kwawo kunalibe njinga. Anati munthuyo sanamupemphepo ngakhale ndalama yomatira chubu. Ndinasiya kutafuna mtedza.

"Esinati ali kuti? Abwere kuno."

Ndinawerama ngati ndataya ndolo. Koma Abiti Juma ali ndi maso a mphamba. Anabwera, anandigwira dzanja, akuti manyazi anga atopa nawo. Ndinawanong'oneza kuti mwendo wachita dzanzi. Anati dzanzi limatha ndi kuyenda, n'kundidzutsa ngati thumba la chimanga.

Njira yopita kutsogolo inadutsa pakati pa anthu. Kuseka kunayambira pabenchi lomaliza, n'kumanditsatira mzere ndi mzere. Ndinamva pambuyo pake kuti ndikaponda mwendo wamanja, Zainabu wa pasiketi ankatsinzina diso limodzi, ndikaponda wamanzere ankatsinzina linalo. Ndinayesa kuyenda cham'mbali ngati nkhanu, koma zinangothandiza kuti a mbali inayo aonenso bwino. Mayi wa mtedza uja anathamanga ndi mimba yake kuti andipatse mpango, koma anachedwa.

Zainabu, poti ankandiona chakumaso, sanadziwe chomwe anthu akuseka. Anandikumbatira, akununkhira bwino moti nsanje inadzukanso pang'ono. Kenako anauza anthu kuti analetsa dala kuti ndisapatsidwe chitenje, chifukwa mnzake sangavale zofanana ndi gulu. Anatulutsa diresi lofanana ndi lake, chipewa cha makauboyi, ndipo anyamata ake anakankha njinga yatsopano, mapulasitiki adakali m'mahandulo.

Ndinati zikomo kangapo, msana nditalozetsa kukhoma la chidikiro. Ndinkapemphera kuti andilole ndibwerere chambuyo. Koma wojambula zithunzi anati tonse titembenuke, tiloze chikwangwani cha pakhomalo. Ndinakana. Zainabu anandigwira mapewa mwachikondi n'kunditembenuza yekha.

Kunangoti zii. Ndinamva Zainabu akubwerera m'mbuyo pang'ono kuti aone bwino. Kenako anayandikitsa maikolofoni.

"Abale, taonani chikondi. Zaka zonse zija ndinkakhala kumbuyo kwake pa njinga, ndipo mpaka lero wandisungira malo anga."

Anthu anagwa nako kuseka, ena akuomba m'manja poganiza kuti ndinachitadi mwa chikondi. Che Saidi, amene anaima pafupi ndi hema, anangovula magalasi n'kumawapukuta. Zainabu anandiyang'ana m'maso, ndipo ndinadziwa kuti wamvetsa zonse. Anangondiveka chipewa, n'kuchikokera pansi kuti chindibise nkhope.

Ndinkayesa zathera pomwepo, koma Abiti Juma anakuwa kuti njinga iyesedwe, ndimukweze mlendo ngati kale. Zainabu anakwinya diresi lake n'kukhala pakaliyala. Ine ndinalibe kuchitira mwina, ndinamukhalira pachishalo, mwini wake ali pomwepo akuonerera. Tinazungulira chidikiro amayi akululutira, ndipo titafika pamchenga ndinaimirira kuti ndipalase mwamphamvu, monga ndinkachitira kale. Apo ndi pomwe anakumana maso ndi maso ndi nkhope yake.

"Esinati," anatero chapansipansi, akundigwira m'chiuno, "khala pansi. Bola uzindikhalira kusiyana n'kuti ndizidzitsinzinira ndekha."

Nsanje ukaisokera kumbuyo, mudzi wonse umaiona, wotsala wosaiona ndiwe wekha.