A Terunuma ndi batani lofiira

Pamalo athu ofufuzira panalibe munthu wamantha ngati a Terunuma. Sankaopa njoka kapena mizukwa ayi. Bamboyo ankaopa kuti madzi asiya kuyenda m'mapaipi, ndipo anaopa zimenezi zaka makumi atatu osapumira ngakhale tsiku la Chaka Chatsopano.

Ntchito yathu ndi yoweta timyuoni, tinthu tosaoneka ndi maso tomwe timafa munthu asanaphethire n'komwe. Timatikusa ndi maginito aakulu ngati galimoto kuti tikafike kwa akatswiri ofufuza. Ine Iitsuka ndimayang'anira magetsi a maginitowo, ndipo a Terunuma anali a madzi owaziziritsa. Maginito oyamba ali kuseri kwa chikhoma cha konkire, pamalo a cheza choopsa pomwe munthu sapondapo. Madzi atati aime magetsi ali chiyakire, waya wake wamkuwa ungapse m'mphindi zochepa, ndipo malo onse angatsekedwe zaka ziwiri. Tonse tinkadziwa zimenezi, koma amene ankazilota dzuwa likuswa mtengo anali iwo okha.

Mamita a pakompyuta sankawakhulupirira. "Kompyuta inamvapo ludzu?" ankatero. M'mawa uliwonse ankazungulira m'chipinda cha mapampu kugwira paipi iliyonse ndi dzanja, ngati mayi amene akumva ngati mwana watentha thupi. Akatero ankailoza ndi chala monga mwa lamulo la pantchito n'kukuwa kuti, "Ili bwino!" Koma nkhope yawo inkanena zina, moti ukakumana nawo akutuluka m'menemo mtima unkayamba kugunda wokha.

Tsiku lina kunachita chivomezi masana. Tonse tinalowa pansi pa matebulo, iwo n'kuthamangira kukakumbatira pampu.

"Terunuma-san, denga likugwerani!" anakuwa Ebihara, mnzanga wa m'chipinda choyang'anira makina. Kwathu kuno munthu timamulemekeza poika "san" kumapeto kwa dzina lake, ndipo wophunzira kwambiri timamutcha "sensei".

"Ligwe! Denga lili ndi waya wamkuwa ngati?"

Pakhoma la chipinda chathucho pali batani lofiira lozimitsa zonse. Kulidina si nkhani yamasewera. Ofufuza ena amadikira chaka chathunthu kuti apatsidwe masiku atatu, ena amachokera kutsidya kwa nyanja, ndipo kuyatsanso makina kumadya theka la tsiku. Wolidina popanda chifukwa amalemba kalata yopepesa, n'kuikapo chidindo chake, n'kukawerama pamaso pa mkulu wa malo anthu onse akuona. Ambirife bola kudwala kusiyana ndi manyazi amenewo. Koma a Terunuma ankayenda ndi makalata otere m'thumba la yunifolomu, olembalemba, odindadinda, pongotsala deti.

Batani lija analidina kasanu ndi kamodzi pachabe. Ulendo wina anamva kulira kwa tswii, koma inali ketulo ya Ebihara. Ulendo wina anaona madzi pansi pafupi ndi khomo, ndipo makina onse anati zii. Pulofesa Kuramochi, mkulu wathu, anatulukira maso ali psu.

"Terunuma-san, madzi amenewo achokera pa ambulera yanga."

"Pepani kwambiri, sensei. Kungoti ambulerayo sinandiuze."

"Simukanafunsa kaye?"

"Ndikanafunsa, koma waya sudikira yankho."

Anatulutsa kalata, n'kulembapo deti atatsamiritsa pakhoma, n'kuipereka ndi manja awiri. Ife tinaseka mpaka misozi, koma Pulofesa sanaseke. Ananena pamaso pa tonse kuti akadzalidinanso pachabe, adzawachotsa kumapampu n'kukawaika kosungira katundu kuti azikawerenga mabawuti.

Ulendo wachisanu ndi chiwiri sindidzauiwala, chifukwa ndinachita nawo manyazi ineyo. Linali Lachinayi chakumasana, tsiku lomaliza la gulu lina la ofufuza, ndipo zinthu zinali zitangoyamba kuwayendera. A Terunuma analowa akuthamanga, thukuta lili kamukamu, chipewa chapantchito chitapendekeka.

"Paipi yobwerera ya maginito oyamba yazizira ngati mtembo!"

Madzi ochokera kumaginito amabwerera ali ofunda, ndiye paipi ikazizira ndiye kuti sakudutsa. Ndinayang'ana pakompyuta, koma mamita onse anali obiriwira.

"Mwina dzanja lanu ndi lomwe latentha, achikulire," anatero Ebihara.

"Dzanja ili lakalambira pa paipi imeneyo, mwanawe!"

Ine ndinaimirira n'kutchinga batani ndi thupi langa. Ndinkaopa kuti awathamangitsa, komanso ndisaname, ndinkaopa maso a ofufuza aja. "Terunuma-san, tiyeni tiwaimbire kaye a Pulofesa," ndinatero.

Anandiyang'ana. Kenako anawerama mwaulemu wonse. "Pepani, Iitsuka-san," anatero, n'kupisa dzanja kunsi kwa mkono wanga. Kho! Phokoso la makina linatsika pang'onopang'ono mpaka kuti zii, ndipo panja panayamba kumveka mapazi a anthu akubwera.

Tinadikira maola anayi. A Terunuma anakhala pampando wapakona, manja ali pamawondo. Amisiri atamasula paipi anapeza kachidutswa ka labala katatseka njira, ndipo mita yoyeza madzi inali itakakamira ndi dzimbiri, n'kumangonena kuti zonse zili bwino. Mmodzi wa iwo anati pakanadutsa mphindi ziwiri zina, bwenzi tikunena zina. Ebihara ananong'ona kuti wamisala anaona nkhondo, koma palibe anaseka. Ine ndinangokhala pansi pomwepo.

Koma a Terunuma kalata anaiperekabe.

"Ya chiyaninso iyi?" anafunsa Pulofesa.

"Ndinathamanga m'khonde, sensei. Lamulo silola."

Pulofesa anailandira ndi manja awiri, ndipo anawerama kuposa mwini kalata.

A Terunuma, amene tinkati adzafa ndi cheza kapena magetsi, anamwalira chaka chathachi kumunda kwawo, atakhala padzuwa akuyanika mbatata. Akazi awo anati anangoona ngati akuwodzera. Kumaliro anatiuzanso kuti zaka zonsezi ngakhale pampopi wa kukhitchini sankadutsa osaugwira.

Pano atiikira mamita atsopano, awiriawiri pa paipi iliyonse. Patha chaka chathunthu makina osazima mwadzidzidzi, ndipo akuluakulu akutiyamikira m'misonkhano. Koma ine sindinakhalepo ndi mantha ngati masiku ano. Kale ndinkagwira ntchito mtima uli m'malo, chifukwa panali munthu amene ankatisenzera mantha tonse, n'kutilipirira ndi manyazi ake. Ndimawasowa bambo aja, ndipo zimandiwawa kuti sindinawapepese ponena za tsiku lija.

Sabata yatha, cha m'ma teni koloko m'mawa, kuchipinda cha mapampu kunamveka kaphokoso kachilendo. Ndinayang'ana Ebihara, iye n'kuyang'ana ine. Batani linali pafupi, poti aliyense wa ife akanangotambasula dzanja. Tinakhala choncho tikumvetsera mpaka kaphokosoko kanasiya kokha, ndipo mpaka lero sitikudziwa kuti kanali chiyani. Palibe amene anaimirira.