Mawu a Achimwene pa Sipika ya Kwaya

Anzanga, ine luso langa ndi kunenerera. Usipa wa ku Chipoka ndimanenerera mpaka msodzi kuyamba kundipepesa, ndipo laputopu yanga ndinaigula chimodzimodzi. Kagwiritsidwe kake ndinadziphunzitsa ndekha, ndiye kwathu amanditenga ngati katswiri. Kuipa kwa kudziphunzitsa n'koti mphunzitsi ndi wophunzira onse amakhala mbuli.

Chitatha chaka chimwalirire achimwene anga a Fanuwelo, tinakonza zovundukula chiliza kwathu ku Lifuwu. Mufoni mwanga munali kanema wamfupi amene ndinawajambula akusoka ukonde, akupereka moni kwa amayi, koma chiwaikire m'manda ndinali ndisanamutsegulepo. Amayi maso anafa kalekale, chithunzi alibe nacho ntchito. Anangopempha chimodzi: "Mwanawe, ndimumveko mkulu wako, ngakhale kamodzi."

Ndinakopera kanemayo mu laputopu, n'kubwereka sipika ya kwaya ya kutchalitchi kuti abale onse amve nawo. Titabwerako kumanda, anthu atakhala pansi pa mtengo wa mango, ndinadina. Achimwene anaoneka, milomo ikuyenda, koma mawu zii.

Ndinakweza voliyumu ya pulogalamu yoonetsera kanema mpaka kumapeto, zii, pulogalamuyo imalola kupyola malire ndiye ndinapyola, zii, ndinapotokola batani la sipika mpaka linakana kuzungulira, kenako ndinazula waya n'kuuzira ngati ndikukoleza mbaula.

"Wayamba kulankhula?" anafunsa amayi, atapendeketsa mutu.

"Akubwera, amayi."

Kodi munthu wamutu wake angayankhe choncho za malemu, anthu angochokera kumene kumanda?

Alamu anga, akazi a malemu, anasendera pafupi n'kuloza pakona yam'munsi ya laputopu. "Alamu, nanga kasipika aka kali ndi mtanda bwanji?"

Pamenepo ndinakumbukira. Laputopu ili ndi voliyumu yakeyake, yolamulira mapulogalamu onse, ndipo anaitseka ndine. Dzulo lake poyeserera, achimwene atangotsokomola kuti ayambe kulankhula, ndinalephera kupirira, ndinatseka mawu n'kuwaonera mwakachetechete. Kenako ndinaiwala.

Wanzeru akanayamba watsitsa zonse anakweza zija. Katswirine ndinangobweza kanema poyambira n'kuchotsa kamtanda.

"AMAYI!"

Mbalame zinabalalika mumtengo, abusa anagwetsa buku la nyimbo, azimayi awiri anadzambatuka n'kuyang'ana njira ya kumanda. Sipika inangoti phu, n'kuyamba kununkha pulasitiki wopserera. Liwu limodzi lokhalo, basi.

Panalibe woseka. Ndinagwada pafupi ndi amayi, manyazi atandigwira mpaka kuzikhadabo.

"Pepani, amayi. Ndikuikireni pafoni, chapansipansi, mumve zonse."

Misozi inali ikutsika, koma anapukusa mutu.

"Leka. Ndamumva. Ndi mmene ankandiitanira akamatsika m'bwato, gombe lonse kutembenuka. Ukanatsitsa ndikanati wandibweretsera mwana wa eni."

Alamu anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedera, sindinadziwe ngati n'kulira kapena kuseka, mwina zonse.

Akwaya mpaka lero akuimba ndi mmero wokha, ndipo amayi otsogolera kwayayo ndi munthu yekhayo pa dziko lino amene ndalephera kumunenerera pa mtengo wa sipika ija. Kanemayo ndinadzamumvetsera ndekha mpaka kumapeto, achimwene akungofunsa ngati mpunga wacha. Ndinalumbira kuti sindidzakwezanso batani lililonse ndisanayang'ane pakona paja, chifukwa achimwene anakuwa mokwanira ali moyo, safunikanso thandizo langa.