Liwu Limene Ndinatumiza kwa a Nesi

Lolemba
Ndapeza liwu! Subside. Lili m'dikishonale ya a Hedi, pa tsamba lodyedwa ndi chiswe. Pa tanthauzo patsala "kumira, kutsikira pansi" basi, kwinako kuli m'mimba mwa chiswe. Ndikulitchula pang'onopang'ono: sabusaidi. Kukoma ngati uchi! Loyenera a Esnati, nesi watsopano wa pachipatala kuno ku Lungwena. Mphunzitsi wa Sitandade 3 sangafunsire mbeta m'Chichewa ngati munthu wamba.

Lachiwiri
Pulani:
1. Kalata ya Chingerezi.
2. Yankho Lachisanu.
3. Loweruka kukauza amalume.
4. Nyumba ya malata, mpando wa ndalema pakhonde, ana anayi.
Ndalemba: "My love for you will subside every day." Ndiye kuti chikondi chizimira mumtima tsiku ndi tsiku, ngati nangula. Ndikuwerenga kakhumi. Misozi!

Lachitatu
Kumsika kukagula envulopu. Anyamata a Yufi pachipata akufuna khadi la chipani. Ndikuwatulutsira kalata, maganizo ali kwina. Kubwerera kunyumba wapansi, kukatenga khadi.
Kalata ndapatsa Che Asiyatu, ogulitsa zitumbuwa pachipatala. Akuti, "Aphunzitsi, osangowauza pakamwa bwanji? Si awo ali apowo?" Sadziwa za sukulu.

Lachinayi
Ndikuphunzitsa ana liwu lija. Kalasi yonse: "Sabusaaaidi!" Ine maso pawindo, m'maganizo ndikuona a Esnati akuyanika malaya anga pachingwe, mphepo ikuwakupiza. A Hedi asuzumira: "Liwu limenelo mwalimvetsa bwino?" Ndayankha kuti kwambiri.

Lachisanu
Yankho kulibe. Ndanamizira kudwala mutu, ndili pamzere kuchipatala. A Esnati akugwira mwendo wa mayi wina, akuuza adokotala: "It will subside." Liwu langa, pakamwa pawo! Kenaka akumasulira: "Musadandaule mayi, chotupachi chiziphwa, chizichepa tsiku ndi tsiku mpaka kutheratu."
Kuchepa?
Kutheratu?
Ndachoka pamzere. Mutu tsopano ukupwetekadi.

Loweruka
Che Asiyatu abwera ndi yankho, lili ndi mafuta a zitumbuwa. M'Chichewa! "Aphunzitsi, zikomo pondichenjezeratu, amuna ena amabisa. Poti mwati chizichepa tsiku ndi tsiku, ingopumulani, muzimwa madzi ambiri. Chitha chokha."
Che Asiyatu akufunsa ngati asoketse nsalu ya ukwati. Kwa amalume sindipita. Ndayamba kalata yokonza zinthu, koma liwu lililonse la Chingerezi ndikuliopa ngati njoka. Ndang'amba zitatu.

Lamulungu
Kutchalitchi. A Esnati ali m'kwaya, akuseka chamumtima, anzawo awiri akundicheukira. Ndiye kuti kalata yayenda. Potuluka andipatsa moni mwaulemu: "Kaya odwala athu, kwachepako?" Ndati pang'ono.
Bodza. Ndadzipima m'mawa, ndadzipimanso masana: sichikuchepa, sichikuphwa. Basi. Ndinanama m'Chingerezi, ndizivutika m'Chichewa.