Ampulifaya ya Ukwati wa Mlamu

Lolemba, Julaye 1996
Pakamwa panga pandipachika. Ndinauza apongozi aamuna kuti asabwereke zokuzira mawu ku Chongwe, ampulifaya ya ukwati wa mlamu Loweruka ndipanga ndekha. Wobwereketsa wa ku Chongweyo amubweza kale! Njira yopangira ampulifaya ati ndi yapafupi: chithunzi cha tinjira ta magetsi uchita fotokope, uchisita pa bolodi ya mkuwa, inki imamatira, mankhwala n'kudya mkuwa wosaphimbika. Ndili ndi mabolodi atatu, mafotokope a ku Lusaka, botolo limodzi la mankhwala, simbi ya makala ya akazi anga, amake Tisa. Mtima suli m'malo.

Lachiwiri
Makala ndachulutsa. Bolodi yoyamba yapsa, yafufuma ngati chitumbuwa. Nyumba yonse fungo. Amake Tisa: "Chikwatirane shati simunasitepo, lero mwayambira malata?"

Lachitatu
Yachiwiri inki yagwira. Moduka ndalumikiza ndi kyuteksi wa mkwatibwi, sakudziwa. Ndithira mankhwala m'poto. Mayo ine! Thovu, utsi, poto wabooka pansi, bolodi yathera momwemo. Kani amadyanso aluminiyamu? Potoyo ndi wa apongozi aakazi. Ndamukankhira kunsi kwa nkhokwe.

Lachinayi
Bolodi yotsiriza, beseni la pulasitiki, mankhwala otsalira. Kuzizira, mkuwa sukusuntha n'komwe. Mankhwala afuna kutentha, koma simbi andilanda nditangosita, pamoto andiletsa. Njinga mpaka ku kasupe wa ku Chinyunyu, beseni ndaliyandamitsa m'madzi ake otentha aja, ndikuligwedeza ngati mwana. Amayi ena ochapa: "Ba ticha, mwayamba kukhwima?" Zala zonse chikasu. Koma yatuluka, tinjira tonse mbee! Ndatsala pang'ono kulira.

Lachisanu
Mabowo ndaboola ndi sipoko ya njinga. Ndiika zipangizo, sizikulowa. Zakumanja zili kumanzere! Chithunzi chimafunika kutembenuza usanachite fotokope, pakuti posita chimagona chafufumimba. Bwanji osandiuza? Ndapinda miyendo ya kachipangizo kakakulu chagada, ndalumikiza batire ya galimoto. Phu! Kautsi kabuluu. 

Loweruka
Anthu mbwee, ena ochokera ku Shikabeta. Sipika yapachikidwa kale pa mtengo, yamangidwa ndi maluwa, ili duu. Apongozi akulankhula ndi kukhosi kwawo, mitsempha njoo. Akumbuyo: "Sitikumva!" Ayambiranso. Pofika pa malangizo a banja mawu awathera, akungoyasamula. Ine kuseri kwa ophika, manja m'matumba. Manyazi andipha.

Lamlungu
Ku tchalitchi sindipita, mutu. Apongozi atuma amake Tisa, poti mawu alibe, ndipo nkhani zotere sauza mkamwini pamaso. Ati sanakwiye. Ati ndisataye mtima, kwatsala ukwati wa Misozi, chitsiriziro chawo, ndipo ntchito yanga andisankhira kale. Ndidzayang'anira njinga za alendo.

Ndavomera.